Kaseti ya Namoko ndi fulashi ya ku Toronto

Lolemba m'mawa, tiyi ndisanamalize, achikulire ena adalowa mu situdiyo yathu ku Limbe atasenza katoni ya sopo yodzaza makaseti. Ntchito yanga ndi yosamutsa nyimbo zakale kuchoka pa tepi kupita pa kompyuta, choncho makatoni otere sindidabwa nawo. Mumakhala makwaya, maulaliki, nthawi zina mawu a agogo amene adatisiya kalekale. Iwo adatulutsamo kaseti imodzi yokha n'kuiika patebulo ndi manja awiri. Inali ya Allan Namoko.

"Mwanawe, iyi ndikufuna izimveka ngati izi," adatero akundipatsa fulashi yochokera kwa mwana wawo wa ku Toronto. Munali chimbale cha 1988 cha Jeff Healey, woimba wa ku Toronto komweko ku Canada, chotchedwa See the Light, mafayilo ake olembedwa 24-bit/96 kHz. Mwanayo akuti adawauza pafoni kuti, "Bambo, nayu Namoko wa kuno."

Sadaphonye kwenikweni. Healey adasiya kuona ali khanda chifukwa cha khansa ya m'maso, ndipo gitala ankachita kuligoneka pamiyendo n'kumadinda nsambo kuchokera pamwamba, chala chachikulu chikugwiranso ntchito. Namoko wa ku Thyolo, wobadwa mu 1956, nayenso wosaona, adagwedeza dziko ndi banjo pamodzi ndi Chimvu River Jazz Band. Onse adapita msanga: Namoko mu 1995, Healey mu 2008 ali ndi zaka 41. Ndidalandira ntchitoyo, koma lonjezo loti zidzafanana sindidapereke.

Lachiwiri lidathera m'zoduladula. Kansalu kakang'ono kamene kamakankhira tepi kumutu wa makina kadali katagwa, ndiye ndidamasula kasetiyo n'kusamutsira tepi m'chikhokho china. Mutu wa makina ndidaupukuta ndi thonje la sipiriti, kenako ndidatembenuza kasikuluwu kake pang'onopang'ono, khutu lili tcheru, mpaka nsambo za banjo zidatulukira poyera. Ndili pakati pa mbali yoyamba magetsi adathima. Ndidayambiranso madzulo.

Lachitatu ndidamvera chimbale cha Healey kawiri konse, ntchito zina zikudikira. Gitala lake likulira ngati munthuyo wakhala pampando wa pafupi nawe. Komatu manambala aja amanyenga anthu ambiri. CD imajambula mawu ka 44,100 pa sekondi, mafayilo awa ka 96,000, ndipo 24-bit imapereka malo okwanira pakati pa kunong'ona ndi kukuwa. Zonsezo ndi kukula kwa ndowa chabe. Madziwo amachokera kuchitsime, ndipo chitsime cha makampani akuluakulu ndi tepi yoyambirira ya mu situdiyo, yosungidwa m'chipinda chozizira. Matepi otere ambiri amathamanga masentimita 38 pa sekondi. Kaseti imakwawa masentimita 4.76, ndipo ya achikulireyi, poona zilembo za bolopeni, idakopedwa kuchoka pa kaseti inzake, kenako n'kukhala zaka m'kabati ya mbale, chinyezi ndi mphemvu zikusinthana. Ndidaijambulabe pa 24-bit, chifukwa pokonza mawu malo amenewo amandithandiza ineyo.

Cholakwa changa chidachitika Lachinayi. Ndidafuna kuwadabwitsa, ndiye ndidakweza kwambiri pulogalamu yochotsa phokoso. Kusokosera konse kuja kwa "sssss" kudatheratu, zii. Ndili wonyada ndidaitana mnzanga wojambula makwaya kuti amve. Adamvera theka la nyimbo n'kuvula mahedifoni.

"Achimwene, mwawamiza m'madzitu a Namoko."

Adanena zoona. Pulogalamuyo sidziwa kusiyanitsa phokoso la tepi ndi kuwayawaya kwa zoimbira zopanga okha, kapena mpweya umene woimba amakoka asanayambe mzere. Idadya zonse. Banjo idasanduka ngati ikulira m'botolo. Ndidasunga fayiloyo pambali, n'kubwerera ku yoyamba ija. Apa ndidangochotsa kung'ung'udza kwa magetsi kwa 50 Hz, ndi kulinganiza mbali ya kumanzere imene inkamveka motsika. Kwina konse sindidakhudze.

Usiku womwewo ndidakumbukira kuti Healey yemweyo adasonkhanitsa mbale zakale za galamafoni za 78 rpm zopitirira 30,000, za jazi ya m'ma 1920 ndi 1930, n'kumaziika pa pulogalamu yake ya pa wailesi ya CBC ya ku Canada, zikuthetheka choncho. Munthu amene chimbale chake tikuchiyesa muyezo wa mawu oyera ankagona ndi kudzuka ndi mbale zokandikakandika. Ndidaseka ndekha.

Lachisanu masana achikulire adabwera atavala jekete. Ndidawakhazika pakati pa masipika, ndipo osawauza kanthu ndidayamba ndi fayilo yotsukidwa ija. Adagwedeza mutu mwaulemu, monga amachitira munthu akapatsidwa nsima yosapsa kwa apongozi. Nditaika yachiwiri, phokoso lidayamba kaye, kenako banjo. Phazi lawo lidayamba kugunda pansi. Nyimbo yonse sadayankhule.

"Imeneyi ndiye ya pa wailesi ija," adatero. "Tinkamvera ndi malemu mayi anu titakhala pakhonde ku Luchenza."

Ndidawafunsa ngati akufuna zonse ziwiri. Adakana, adati inayo ndiifufute. Adandipempha kuti fayilo yaphokosoyo ndiiike pa fulashi yomwe ija, pafupi ndi Healey, kuti aitumize ku Toronto. Adalipira, ndipo katoni ija adaisiya pansi pa tebulo langa. Ndaiwerenga lero: mwatsala makaseti 37, ena nkhungu ili mbuu.