Loweruka ku Kabwata: zaka 50 za ukwati m'chipinda chimodzi

Lero masana ndinakwera minibasi kupita ku Kabwata mumzinda wa Lusaka, kumene mwana wa mchemwali wanga ndi mnyamata wina wa m'kwaya akukonzekera sewero la nyimbo limene adzaonetse pa msonkhano wa mabanja kutchalitchi kwathu. Anandiitana chifukwa ndine mmodzi wa alangizi, ndipo ankafuna kuti ndione ngati muli zina zimene zingakhumudwitse akuluakulu.

Seweroli ndi I Do! I Do!, limene mawu ake analemba ndi Tom Jones, nyimbo zake anapeka ndi Harvey Schmidt, ndipo linafika ku Broadway, malo otchuka a masewero mumzinda wa New York, mu 1966, osewera ake ali Mary Martin ndi Robert Preston. Gwero lake ndi sewero la Jan de Hartog la mu 1951 lotchedwa The Fourposter. Osewera ndi awiri okha, Agnes ndi Michael, ndipo zonse zimachitikira kuchipinda kwawo, pambali pa bedi limodzi lomwelo, kuyambira usiku wa ukwati mpaka patapita zaka 50, pamene akusiyira nyumbayo banja latsopano. Ana athuwa bedi alibe, choncho analumikiza mabenchi awiri n'kuyalapo chitenje.

Poyamba mtima wanga unakana. Kwathu kuno ukwati suyenda ndi anthu awiri: pali ankhoswe, pali apongozi, pali alamu amene amabwera kudzacheza n'kukhala chaka chathunthu, ndipo ndinaona ngati nkhani yopanda anthu amenewa singatikhudze. Koma pamene anafika pamene Michael, amene tsopano watchuka ndi mabuku ake, akuulula kuti ali ndi chibwenzi ndi mkazi wocheperapo msinkhu, ndinaona mtsikana wathu akupinda chitenje chija pang'onopang'ono, m'mbali mwake akumalinganiza mosamala, maso osayang'ana mwamunayo ngakhale kamodzi. Ndaonapo amayi ambiri akuchita chomwecho pamene tikukamba milandu ya m'banja. Ankhoswe amamva nkhani itapsa kale, pomwe seweroli likuonetsa pamene moto umayambira, malo amene ife alangizi timangowafotokoza koma sitiwaona.

Chimene chinandigwira mtima koposa chinabwera pambuyo pake, ana onse awiri a Agnes ndi Michael atakwatira n'kuchoka. Agnes ndiye akufuna kuchoka tsopano, ngakhale palibe ndewu, chifukwa sakudziwa kuti iye ndani pamene ntchito yolera yatha. Za nyengo imeneyi timaphunzitsa zochepa kwambiri, ndipo zimenezi zimandipweteka, popeza mkwatibwi timamulangiza usiku wonse za masiku oyamba, koma mayi wa zaka 55 amene nyumba yamukulira sitimufunsa n'komwe.

Titamaliza, mtsikanayo anandifunsa kuti, "Amayi, kodi gawo la chibwenzi lija tilichotse, poti kudzakhala abusa?" Ndinamuyankha kuti, "Iyayi mwanangu, mulisiye momwemo, chifukwa mukalichotsa, kukhululuka kumene kukubwera pambuyo pake kudzakhala kopanda tanthauzo." Ndinangowapempha kuti nkhani yake adzayambe aifotokoza m'Chinyanja nyimbo zisanayambe, kuti agogo asatsalire m'mbuyo, ndiponso kuti akakhala okalamba asamanjenjemere mopitirira muyeso, pakuti ukalamba suyenera kuseketsa anthu pamenepo. Ndalonjeza kuti Loweruka likudzali ndidzabwera ndi alangizi anzanga, ndipo ndikufuna kuti tikambirane zoyamba kuyendera mabanja amene ana awo anachoka pakhomo.