Lachiwiri: nkhani ya chipilala cha asilikali ku Zomba

Lero ndathera tsiku lonse pa nkhani imodzi ya pa Wikipedia, yonena za chipilala chokumbukira asilikali a King's African Rifles, cha njerwa zofiira chokhala ndi wotchi chimene chili pafupi ndi Cobbe Barracks, m'mbali mwa msewu wochokera ku Blantyre. Ife a kuno timachidutsa pa minibasi osachicheukira n'komwe, koma wowerenga amene ali kutali amakhulupirira chilichonse cholembedwamo, choncho ndinaiwerenga chiganizo ndi chiganizo.

Zina sizinavute. Wina analemba ngati kuti Zomba idakali likulu la dziko, pamene likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975. Wina analemba kuti gulu la King's African Rifles, la asilikali a boma la atsamunda la Britain, linakhazikitsidwa nkhondo yoyamba ya dziko lonse ya 1914 itabuka, koma linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo ndinakonza msanga.

Chimene chinandichedwetsa ndi chiganizo chonena kuti asilikali athu anasiya kumenya nkhondo pa 11 November 1918. Tsikulo ndi loona ku Ulaya, ndipo n'chifukwa chake mwambo wokumbukira asilikali umachitika mu November, koma kuno uthenga unafika mochedwa, ndipo mkulu wa asilikali a Germany kum'mawa kwa Africa, Paul von Lettow-Vorbeck, anadzipereka pa 25 November ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala ku Zambia. Masabata awiri amenewo si nkhani yaing'ono kwa munthu amene anali akadali m'thengo, mfuti ili paphewa. Ndinaonjezanso kuti nkhondoyi inafika m'dziko muno mwachangu: mu August 1914 sitima ya Britain ya Guendolen inaombera sitima ya Germany ya Hermann von Wissmann pa nyanja yathu, ndipo mu September chaka chomwecho magazi anakhetsedwa ku Karonga.

Masana ndinapita pachipilalapo kukajambula chithunzi chatsopano, chifukwa chakale chinali chosaoneka bwino. Pansi pa mtengo panakhala agogo ena aamuna ogulitsa nthochi, ndipo atamva chimene ndabwerera anandiuza kuti agogo awo sanagwirepo mfuti, koma anasenza katundu wa asilikali mpaka mapazi kung'ambika. Anandifunsa kuti, "Nanga amtengatenga mwawalemba, mwanangu?" Ndinayankha kuti, "Sanalembedwemo, agogo, koma lero ndiwalemba."

Nkhaniyo inalibedi liwu ndi limodzi lomwe lonena za iwo. Komatu amtengatenga ochokera m'Nyasaland anali ochuluka kwambiri kuposa asilikali enieniwo, ambiri anatengedwa mokakamiza kudzera mwa mafumu, ndipo njala ndi matenda zinapha ambiri m'njira. M'busa John Chilembwe anadandaula kale mu November 1914, m'kalata yake yopita ku nyuzipepala ya Nyasaland Times, kuti anthu osauka akufera nkhondo yosakhala yawo. Nkhani ya chikumbutso cha nkhondo imene ikudumpha anthu amenewa ndi yopereŵera, ngakhale zaka zonse zitakhala zolondola.

Vuto ndi lakuti mawu a agogo aja sindingawaike m'nkhanimo, chifukwa lamulo la Wikipedia limafuna umboni wosindikizidwa umene wina aliyense angathe kuupeza. Lamuloli ndimalivomereza, pakuti popanda ilo aliyense akanalemba za m'maluwa, komabe zimandiwawa kuti mbiri yathu yambiri ili pakamwa pa okalamba. Mwamwayi, katswiri wa mbiri Melvin Page anafunsa anthu ambiri a m'Malawi amene anaiona nkhondoyo ndi maso, ndipo zimene anasindikiza ndi umboni wovomerezeka. Ndime yatsopano ya amtengatenga ndaimanga pamenepo, ndipo patsamba lokambirana ndafotokoza chifukwa chake kuti akonzi anzanga asaifute.

Mawa ndipita ku National Archives konkuno ku Zomba kukafufuza zikalata za boma la atsamunda zonena za kamangidwe ka chipilalachi, chifukwa gawo limenelo lilibe umboni uliwonse.