Chomwe chimapulumutsa folikulo imodzi FSH ikayamba kutsika

Homoni ikhoza kuchuluka m'magazi, koma selo likapanda puloteni yoilandira, palibe chimachitika. Mapuloteni amenewa ndi marisepita, ndipo m'thumba la mazira la mzimayi sakhalapo nthawi zonse. Amabwera ndi kuchoka motsatira mahomoni omwewo. Mahomoni awiri ofunika pano ndi FSH ndi LH, ochokera ku pituitary, kachiwalo ka pansi pa ubongo: FSH imakulitsa timatumba ta mazira, pomwe LH imachititsa dzira kutuluka.

Dzira lililonse limakhala m'kathumba kotchedwa folikulo, kozingidwa ndi maselo a mitundu iwiri. Akunja, a theca, amakhala ndi marisepita a LH kuyambira kale, ndipo amasandutsa cholesterol, mtundu wa mafuta a m'thupi, kukhala androstenedione, imodzi mwa mahomoni achimuna otchedwa androgen. Amkati, a granulosa, poyamba amamva FSH yokha. FSH imawachititsa kupanga puloteni yotchedwa aromatase, yomwe imasandutsa ma androgen ochokera ku theca kukhala estrogen, homoni yachikazi. Activin, puloteni yopangidwa mu folikulo momwemo, imathandiza kuchulukitsa marisepita a FSH.

Kusintha kwenikweni kumadza folikulo ikafika pafupifupi mamilimita 10. FSH imakweza cAMP, kachinthu konyamula uthenga mkati mwa selo, m'maselo a granulosa, ndipo mothandizana ndi estradiol, mtundu waukulu wa estrogen, imayatsa jini ya risepita ya LH. Zeleznik, Midgley ndi Reichert anaonetsa izi pa makoswe mu 1974. Nthawi yomweyo estradiol ndi inhibin B, homoni inanso yochokera ku mafolikulo, zimachititsa pituitary kuchepetsa FSH. Mafolikulo otsalira m'mbuyo, omwe akudalirabe FSH yokha, amafota. Imene yafulumira kupeza marisepita a LH imapitiriza kukula, popeza LH nayonso imakweza cAMP yomweyo. Ambiri amati folikuloyi imapambana chifukwa ndi yaikulu, koma ukulu wokha siukwanira. Chimaipulumutsa n'chakuti tsopano ikumva mahomoni awiri pamene zinzake zikumva imodzi, yomwenso ikutha.

Estradiol ikakhala pamwamba pa 200 pg/mL m'magazi kwa maola pafupifupi 50, LH imakwera modzidzimutsa, ndipo dzira limatuluka patatha maola 34 mpaka 36 LH itayamba kukwera. Chodabwitsa n'chakuti maselo oyandikana ndi dziralo, a cumulus, ali ndi marisepita a LH ochepa kwambiri, chifukwa dzira lenilenilo limatulutsa mapuloteni monga GDF9 olepheretsa kupangidwa kwa marisepitawo. Uthenga umawapeza modzera kwina: maselo a granulosa a kukhoma akamva LH amatulutsa mapuloteni otchedwa amphiregulin ndi epiregulin, omwe amagwira marisepita ena, otchedwa a EGF, pa cumulus. LH imayatsanso marisepita a homoni ya progesterone mu granulosa kwa maola ochepa chabe. Mbewa zochotsedwa risepita imeneyi zimakhwimitsa mafolikulo koma mazira satuluka, amangotsekeredwa mkati.

Kenaka marisepita a LH amatsika kwa kanthawi, ena amamezedwa m'selo, ndipo mRNA yawo, uthenga wopangira marisepitawo, imawonongedwa msanga. Amabwereranso pa corpus luteum, chotsalira cha folikulo dzira likatuluka, yomwe imakhala masiku pafupifupi 14 pokhapokha mimba itaima. Ikaima, hCG, homoni ya mimba, imagwira risepita ya LH yomweyi. N'chifukwa chake pa IVF, njira yokumanitsa dzira ndi umuna kunja kwa thupi, amabaya hCG m'malo mwa LH, n'kutenga mazira maola 36 asanapitirire kwenikweni. Kubaya mafolikulo akadali aang'ono kumapereka mazira osakhwima, chifukwa granulosa sinakonzeke kumva uthengawo. Kawirikawiri amadikira kuti otsogola afike mamilimita 17 kapena 18.

Pa matenda otchedwa PCOS (polycystic ovary syndrome, dzina lotanthauza zotupa zambiri m'thumba la mazira) vuto ndi kufulumira. Maselo a granulosa amayamba kumva LH folikulo ili pafupifupi mamilimita 4, ndipo insulin, homoni yoyendetsa shuga m'magazi, ikachuluka imawonjezera mphamvu ya LH. Maselowo amasiya kugawikana nthawi isanakwane, mafolikulo n'kuima pakati pa mamilimita 2 ndi 9. Ndiwo aja amaoneka atandandalika pa sikani. Si zotupa ayi, ngakhale dzina la matendawa limasocheretsa.

Vuto lina linafotokozedwa ku Finland mu 1995: amayi obadwa ndi kusintha kwa jini ya risepita ya FSH, kotchedwa Ala189Val. Mazira ali nawo, FSH m'magazi ndi yokwera kwambiri, koma marisepita ambiri safika pa khungu la selo ndipo mafolikulo sakhwima. Kwa mzimayi wotere kuwonjezera jakisoni wa FSH sikuthandiza kwenikweni, ndipo njira yomwe madokotala amapereka nthawi zambiri ndi dzira lochokera kwa mzimayi wina.