Usiku umene ndinajambula Phazi la Mphaka

Ndinadikira kuti mwezi ulowe mumdima, kenako ndinakwera basi kupita kwa agogo ku Dedza. Unali mwezi wa Julayi. Ku Lilongwe magetsi amameza nyenyezi, ndipo ukachedwa mpaka Seputembala utsi wa moto wa m'tchire umakhala utaphimba kumwamba konse.

Chimene ndinkafuna ndi NGC 6334, mtambo wa mpweya wa hydrogen umene anthu anaupatsa dzina loti Cat's Paw chifukwa umaoneka ngati pamene paponda mphaka. Uli pafupi ndi mchira wa Scorpius, gulu la nyenyezi looneka ngati chinkhanira, ndipo katswiri wa zakuthambo John Herschel anauona mu 1837 ali ku Cape, ku South Africa. Kuwala kwake kumayenda zaka pafupifupi 5,500 kuti kufike kuno. Ndi maso simungauone. Nyenyezi zotentha kwambiri za m'kati mwake n'zimene zimayatsa mpweyawo, n'kumatulutsa kuwala kofiira kumene kamera wamba imatsekereza kwambiri ndi kagalasi kake ka m'kati. Yanga ndi yawamba, choncho ndinadziwiratu kuti pafunika zithunzi zambiri.

Ntchito yovuta inali yoyamba. Dziko limazungulira madigiri 15 pa ola, ndiye kamera imafunika kukhala pa kamakina kotsatira nyenyezi, star tracker, ndipo kamakinako uyenera kukalozetsa ndendende pamalo pamene thambo lonse limazungulirapo. Anzathu a kumpoto kwa dziko lapansi ali ndi Polaris, nyenyezi yowala bwino yowalozera malowo. Ife kuno tili ndi Sigma Octantis, kanyenyezi kozilala koti ukaphethira kasowa, ndipo ku Dedza kamakhala madigiri 14 okha pamwamba pa mapiri. Kuti ndikapeze, ndinayambira pa Southern Cross, gulu la nyenyezi looneka ngati mtanda, n'kutalikitsa mzere wake wautali kanayi ndi theka. Pamenepo panali mtengo wa mango. Ndinanyamula katundu yense kupita kuseri kwa nkhokwe, n'kuyambiranso. Ndinagwada pa fumbi mphindi 40, khosi lili gwa, mpaka tinyenyezi tinayi tooneka ngati kabokosi kopendekeka, kamodzi mwa ito kali Sigma Octantis, tinalowa m'kagalasi ka kamakina kaja.

Kenako focus. Ndinaloza Antares, nyenyezi yofiira ija, n'kuikulitsa pa sikirini, n'kumapotokola lens pang'onopang'ono mpaka inasanduka kadontho. Ndinamata tepi kuti isasunthe. Lens ya 135 mm, f/2.8, ISO 1600, chithunzi chilichonse mphindi ziwiri. Cha m'ma 10 koloko mchira wa chinkhanira unali pamwamba ndithu.

Agogo anatuluka atafunda bulangete. "Iwe, ukujambula mdima?" Ndinawaonetsa chithunzi choyamba. Munali nyenyezi mbwee ndi kachikanga kofiirira koti uchite kukhulupirira kuti kalipo. "Ndi kameneka, agogo." Anangoti, "Uzizidwa chabe," n'kulowa.

Sanalakwe. Pofika pakati pa usiku mame anali atagwa, ndipo ine ndinali nditaiwala kulumikiza kalamba kotenthetsa lens ku power bank. Nyenyezi zinatupa ngati zanyowa. Zithunzi 14 zinapita padera. Ndinalumikiza kalambako, n'kudikira kuti galasi liume lokha, chifukwa ukalipukuta focus imasokonekera.

Ndinatsala ndi zithunzi 46 zabwino. Ndisanapakire ndinatseka lens n'kujambula zithunzi 20 za mdima wokhawokha, zotchedwa darks, mphindi ziwiri chilichonse, kuzizira kuli komweko, kuti pulogalamu idziwe timadontho tobadwa ndi kamera. M'bandakucha ndinaphimba lens ndi malaya oyera, n'kuloza kumwamba kujambula flats, zochotsa mdima wa m'makona ndi zizindikiro za fumbi. Ambiri amazilumpha chifukwa cha tulo. Ine ndinalumphapo kamodzi, sindidzabwerezanso.

Pa kompyuta ndinagwiritsa ntchito pulogalamu ya Siril, yomwe ndi yaulere. Imasanjikiza zithunzi zonse nyenyezi pa nyenyezi. Kuti chithunzi chiyere kawiri pamafunika zithunzi zochuluka kanayi, n'chifukwa chake 14 zija zinandiwawa. Chotuluka poyamba chimakhala chakuda bii. Ndinakoka kuwala pang'ono, n'kukokanso, ndikuyang'anira kuti nyenyezi zisapserere, ndipo zala zitatu zofiira zinayamba kutuluka pakati pa fumbi lakuda la Mlalang'amba.

Ndinapita nayo laputopu pakhonde pamene agogo ankasankha nyemba. Anayang'anitsitsa, n'kuloza ndi chala.

"Phazi ndaliona. Nanga mphaka mwini wake ali kuti?"