Ligi yatha, Sundowns yatenganso

Ndangotsika minibasi pa Bree mu Johannesburg, njira yonse anthu kukangana za mpira, dalaivala wosapota Kaizer Chiefs mpaka kutsitsa wailesi kuti naye alankhulepo. Abale, ligi ya ku South Africa ya Betway Premiership ya 2024/25 yatha ndipo Mamelodi Sundowns yatenganso, ka 8 motsatizana! Mapointi 73 pa magemu 28, ife a Orlando Pirates tatsalira pa 61. Magemu achepa chifukwa Royal AM anaichotsa mu ligi sizoni ili mkati, ine ndimamvera chisoni osewera aja, ali ndi mabanja.

Zikundiwawa ndithu chifukwa Pirates yasewera mpira wokoma sizoni ino, Mofokeng akagwira mpira sitediyamu ya Orlando yonse kuimirira, chikho cha MTN8 tinatenga, ku mpikisano wa matimu a mu Africa wa CAF tinafika semi fainolo mpaka Pyramids ya ku Egypt kutitulutsa. Koma ligi imafuna timu yosagwa mphwayi ikapita kwa matimu ang'onoang'ono, ndipo Sundowns ili ndi osewera ambiri moti benchi yawo ikhoza kukhala timu yoyamba kwina. Lucas Ribeiro yekha zigoli 16, zofanana ndi zomwe Gabadinho Mhango wathu anamwetsa mu 2019/20. Komabe Sundowns imagonjetseka, si Magesi inawachinya 2-1 mu fainolo ya chikho cha Carling ija?

A Chiefs sangalalani ndi Nedbank Cup yanu, mwadikira zaka 10, munatichinya ku Durban, sindikukana. Koma kuthera pa nambala 9 timu yaikulu chonchi ayi. Chomwe chikundidetsa nkhawa ndi kuchoka kwa kochi wathu Riveiro, wobwerayo asadzabalalitse anyamatawa chonde.