Beryllium, kachitsulo kopepuka koma koopsa

Abale, pa zitsulo zonse chomwe chimandidabwitsa kwabasi ndi beryllium. Pa periodic table (tchati cha asayansi chondandalika zitsulo, mipweya ndi zina zotero) kali pa nambala 4, kopepuka kuposa aluminiyamu koma kuti mukapinde ndiye ayi ndithu, nkouma kuposa chitsulo cha steel ndipo kamasungunuka pakatentha madigiri 1287. Anakatulukira ndi wasayansi Vauquelin wa ku France mu 1798 akufufuza miyala ya beryl ndi emerald, eya emerald yodula ija muli kachitsulo kameneka.

Ine pomwe ndimagoma nako mpa telesikopu (makina oonera nyenyezi zakutali) ya James Webb yomwe inapita mumlengalenga mu 2021, magalasi ake 18 anawapanga ndi beryllium nkupaka golide pamwamba chifukwa kumeneko kumazizira koopsa ndiye pamafunika chitsulo chosapindika-pindika, china chikanangosokoneza zithunzi zonse. Kuchipatala nakonso kaliko, ma X-ray amadutsa bwinobwino ndiye amapangira kawindo ka makinawo. Akakasakaniza ndi kopa amapanga masipanala osathetheka moto, ogwirira ntchito malo a gasi ndi mafuta.

Koma fumbi lake ndi poizoni weniweni, mukalipuma limawononga mapapo ndipo matenda ake, berylliosis, amatha kuonekera patadutsa zaka zambiri komanso alibe mankhwala ochiziratu. Mpake kumafakitale amavala zotchinga kukamwa ndi mphuno.