Zikomo Bambo Loya a ku Nkhotakota

Amuna anga atamwalira, abale awo anabwera kudzatenga bwato, injini ndi chilimira, ati n'zakumtundu. Ine kakasi, ana anayi ali m'manja.

Bambo, inu munapuma kalekale pa ntchito ya uloya, koma munandilandira pakhonde panu osandifunsa ngakhale tambala. Munandimasulira m'Chichewa lamulo la 2011 loteteza chuma cha masiye, mpaka ndinamvetsa kuti kulanda katundu wa mayi wamasiye ndi mlandu. Kalata munalemba ndi dzanja lanu, ndipo tsiku lokambirana kwa amfumu munafika mukuyendera ndodo, mwendo ukukuvutani.

Lero bwato lija likulowa m'nyanja, ndipo usipa ukuphunzitsa ana. Zikomo kwambiri, bambo. Mulungu akusungeni.